Nkhanu Imene Inaluma Atate ku Beira

Bwerani nacho kuno chidebecho, ana inu, ndione. Aa! Zimenezi ndiye nkhanu zimene mwanyowetsera makabudula tsiku lonse? Iyi ikanakhala mwana wa munthu bwenzi isanayambe ndi giledi wani yomwe. Iwe Thandi, leka kutupa masaya. Ndamva ndithu kuti munathamangira nazo kwa ambuya anu mukuti akondwa, iwo n'kungosuzumira m'chidebemo n'kunena kuti kaphikeni nokha. Sanakunyozeni ayi. Khalani pansi pamthunzi pano ndikuuzeni chifukwa chake munthu wobadwira kunyanja yamchere akukana nkhanu. Dalitso, foniyo iike m'thumba, siithawa.

Atate anga, aja mumangowaona pachithunzi chapakhoma atavala chipewa, anali Mngoni wa ku Kasenengwa, wa ng'ombe zake ndi chibonga chake. Analinso mkulu wa mpingo, ndipo Lamulungu nsapato zawo zinkawala moti ukanadziona nkhope. Koma chinthu chilichonse chotuluka m'madzi sichinkadutsa pakhosi pawo. Ankati nsomba ndi msuweni wa njoka. Agogo awo sankadya, atate awo sankadya, ndiye iwo akanayambira pati? Nthawi imeneyo Angoni anzawo anali atayamba kale kunyambita zala ndi tinsomba ta kapenta, koma iwo ayi. Abusa ankakonda kuwaputa kuti, "Akulu, kodi Petulo sanali msodzi?" Iwo ankayankha osaseka n'komwe: "Anali msodzi, abusa, koma sanali Mngoni."

Amayi anali ndi kamphika kawo ka kapenta kamene kankagona kuseri kwa nkhokwe, kosaloledwa kulowa m'khitchini. Ife anyamata tikakhala kubusa nthawi yamvula tinkavundukula miyala kumtsinje, monga mwachitira inumu, n'kuwotcha tinkhanu pamakala. Tikatha tinkatafuna masamba a gwafa kuti fungo lisatiulule. Inu lero mumangotsegula filiji n'kupeza nsomba yowuma gwa ndi madzi oundana, yoti simudziwa ngakhale dziko limene inachokera.

Paja amati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ine nditakula ndinakhala dalaivala wa lole. Nkhondo ya ku Mozambiki itangotha, tinayamba kunyamula mabelo a fodya ndi thonje kupita nawo kudoko la Beira. Unkadutsa Katete, n'kulowa paboda pa Chanida, kenako kutentha kwa ku Tete kumene madzi a m'chigubu ankasanduka oti ukhoza kufululira tiyi. Msewu unali maenje okhaokha. Ukafuna kudzithandiza sunkapatuka kutali, poopa mabomba okwirira amene anatsalira m'tchire. Lole ikafa, kunalibe zoimba foni. Unkauza dalaivala wodutsa kuti akanene kwa abwana, iwe n'kuyala mphasa pansi pa lolepo mpaka thandizo lifike.

Ku Beirako, pafupi ndi pamene tinkaimika malole, panali mtsikana wogulitsa mpunga ndi nsomba zokazinga. Dzina lake Lusiya. Inde, omwewo amene akhala apo akusenda nshawa ngati sakumva. Akumva zonse amenewo. Tsiku loyamba anandiikira m'mbale nkhanu yodzaza mbale yonse, yofiira psuu, ine n'kudumpha pabenchi. Anaseka mpaka kugwira m'mimba. Ankalankhula Chisena, ine Chinyanja, ndipo zinenero ziwirizi n'zapachibale, tinkamvana ndithu. Kuyambira pamenepo ulendo uliwonse ndinkadya pomwepo, ngakhale pamene njala ndinalibe.

Nditakanena kumudzi kuti ndapeza mbeta, atate anafunsa funso limodzi lokha: "Kwawoko amalima chiyani?"

"Salima kwenikweni, atate. Bambo ake ndi msodzi."

Analavula malovu kumbali. Mwa mwambo wake woyenera kupita anali amalume monga ankhoswe, koma amalume atamva za mabomba aja miyendo yawo inayamba kuwawa tsiku lomwelo. Atate anati, "Ndipita ndekha ndikaone." Amayi anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti, "Filimoni, usadzinamize. Atate ako sakupita kukafunsira. Akupita kukapeza chokanira." Ndipo ine ndinkadziwa kuti iwo akakana, zatha. Masiku amenewo sitinkakwatira mozemba ngati mmene achitira anzanu a masiku ano, oti makolo amadzamvera pa chithunzi cha m'foni.

Anakwera lole yanga atavala jekete ya kutchalitchi, tayi, chipewa ndi nsapato zowala zija, chibonga chili pamiyendo. Kumbuyo tinaponya thumba la nshawa loti tikapereke moni. Ku Tete ndinawapempha kuti avule jekete, iwo anati munthu sakaonekera kwa eni ake atavala ngati akupita kudimba. Njira yonse ankangoyang'ana kunja n'kumawerenga ndi maso ng'ombe za eni, kuti izi n'zowonda, izo sakuzisamala.

Bambo a Lusiya, a Juwawo, ankakhala kunja kwa tauni, m'mudzi wa asodzi wa nyumba zofolera ndi masamba a kokonati. Anali munthu wamfupi, wouma thupi, wosachedwa kuseka. Anatilandira bwino, koma nkhani imene tinadzera anakana kuyamba. Anati kwawo nkhani yaikulu sakambira panyumba pomwe ana ndi nkhuku zikumva. Mlendo wofuna mwana wa msodzi amayamba wakwera ngalawa, adye nawo zimene nyanja yapereka, ndiyeno pakamwa patseguke. Za mwambo umenewu Lusiya anali asanandiuzepo, ndipo zoti atate anga sadya za m'madzi ine ndinali nditangomuuza mwapatalipatali.

M'mawa mwake tinakwera. Ngalawa yake inali yamatabwa, ya thanga lazigamba losokedwa ndi masaka a ufa. Tinalimo anayi: a Juwawo kuchiwongolero, Lusiya akusamala zingwe ndi kukapa madzi ndi chigubu chodula, ine ndi atate pakati ngati katundu. Ana inu, nyanja imeneyo musaiyerekeze ndi damu limene mumakasambako. Kutsidya kulibe. Madzi amakwera, n'kutsika, n'kukweranso, ndipo m'mimba mwako zonse zimatsatira. Atate anagwira thabwa ndi dzanja limodzi, chipewa ndi dzanja linalo, nkhope itatuwa. Sanadandaule ngakhale kamodzi. Anangofunsa kuti, "Madzi onsewa, ng'ombe sizingamwe?" Nditawauza kuti ndi amchere, anati, "Kuwonongatu kumeneku."

Titafika pamene a Juwawo ankafuna, anatsitsa thanga n'kuponya mwala womangidwa chingwe kuti ngalawa iime. Kuwedza kwake kunalibe ndodo. Chinali chingwe cha nayiloni chokulungidwa pakathabwa, mbedza ziwiri ndi kachitsulo kolemetsa, nyambo yake tizidutswa ta nsomba. Umatsitsa mpaka kachitsuloko kagunde pansi, n'kukweza pang'ono, chingwe chili pachala ichi cholozera. Nsomba ikadya umamva ngati wina akugogoda pakhomo mwaulemu. Ine yoyamba ndinaikoka mwamphamvu za kumatayala a lole, n'kungotulutsa mbedza yopanda kanthu. Ambuya anuwo ankangokoka imodziimodzi, zofiira, zamizeremizere, zina zolira ngati nkhumba zikagwera m'ngalawa. Imodzi inaphiriphitha mpaka kukagwera pansapato ya atate. Iwo anakweza miyendo yonse iwiri m'mwamba, ndipo a Juwawo anaona.

Dzuwa litakwera tinalowa m'kamtsinje kamchere kodutsa pakati pa mitengo yomera m'madzi, ya mizu yoima pamtunda ngati miyendo ya kangaude. Kumeneko ndinaona chodabwitsa. Madzi anayamba kuphwa tikuona, mpaka ngalawa inakhala pansi pambali pa kachulu ka mchenga. A Juwawo anati nyanja imatero tsiku lililonse: imachoka, n'kudzabweranso, ndipo ikabwera tiyenera kunyamuka, nkhani ithe isathe. Iwo ndi Lusiya anatsika n'kulowa m'matope akuda ofika m'mawondo. Anali ndi chitsulo chachitali chopinda kunsonga. Akapeza una pakati pa mizu, ankalowetsa chitsulocho pang'onopang'ono mpaka kumveka kuti kho, n'kuikolowola nkhanuyo. Ikatuluka itatambasula zopanira zake, ankaipondereza pamsana, n'kuigwira kumbuyo kwenikweni kumene zopanirazo sizifika, n'kuimanga ndi luzi. Ntchito yonseyo ankaichita akucheza.

Lusiya anasonkha moto pamchenga paja. Anaphika mpunga wothira madzi ofinya ku kokonati, anawotcha nsomba, nkhanu anaziwiritsa m'madzi a m'nyanja momwemo. Fungo lake, ana inu, mpaka lero likandikumbukira malovu amadzadza m'kamwa. A Juwawo anasankha nkhanu yaikulu kuposa zonse, anaswa chopanira chake ndi msana wa mpeni, n'kuipereka kwa atate ndi manja awiri.

Atate anavula chipewa. "Zikomo, bambo. Koma ine za m'madzi sindidya."

"Mwadwala ndi mafunde? Lawani pang'ono, mseru utha."

"Sindinadwale. Sindinadyepo chibadwire, ndipo sindidzadya. Ndi mmene anandisiyira atate anga."

Atatero anapisa m'thumba la jekete, n'kutulutsa nshawa zokazinga zimene amayi anawamangira pakansalu, n'kuyamba kutafuna. Lusiya anayang'ana pansi, akukumba mchenga ndi chala chakuphazi. A Juwawo anaika nkhanu ija pambale mosafulumira, ndipo kuseka konse kuja kunachoka pankhope pawo.

"Ndamva," anatero. "Munthu sakakamizidwa kudya. Koma nanenso ndifunse. Mwana wangayu anasiya bere n'kuyamba msuzi wa nkhanu. Akadwala timamuchiritsa ndi umenewo. Inu mukufuna mupite naye kumapiri kumene kulibe nyanja, kunyumba kumene chakudya cha amake chili chonyansa, choti munthu amachikwezera miyendo. Akadzachilakalaka adzalirira ndani? Azidzadyera kuseri ngati wakuba? Ayi, bambo. Madzi akabwera tibwerere. Thumba lanu la nshawa lija mulitenge."

Ndinakumbukira kamphika ka amayi kogona kuseri kwa nkhokwe. Zimene amayi ananena zinali zitachitika, kungoti wokana anali winayo. Atate chokanira anachipeza osachivutikira n'komwe. Chinangotsala n'kuvala chipewa n'kudikira kuti madzi abwere. Ndinayang'ana kumene kamtsinje kaja kanathira m'nyanja, ndipo timadzi tinali titayamba kale kukwawira m'matope. Sindikubisirani, ndinalira. Mwamuna wamkulu woyendetsa lole ya matayala ambirimbiri, misozi chuchuchu.

Atate anandiyang'ana nthawi yaitali. Anayang'ananso Lusiya, amene misozi yake inkagwera mumphika wa mpunga. Kenako anamanga kansalu ka nshawa kaja n'kukabwezera m'thumba. Anavula jekete, imene anaikana kuvula ku Tete, n'kuipinda bwinobwino. Anamasula nsapato, n'kuika masokosi m'kati mwake. Anapinda buluku mpaka m'mawondo.

"Mwana iwe," anatero kwa Lusiya, "tenga chitsulo chija. Undionetse."

Walira mvula walira matope. Mkulu wa mpingo wa ku Kasenengwa analowa m'thope lonunkha lija tayi ili pakhosi. Phazi loyamba linamira, lachiwiri linamira, n'kugwa chagada. Palibe anaseka. Anadzuka okha, akukana dzanja langa. Lusiya anawalozera una, n'kuwagwira dzanja kuwasonyeza kapendekedwe ka chitsulo. Una woyamba munalibe kanthu. Wachiwiri nkhanu inatuluka n'kuwathawa pakati pa miyendo. Apo n'kuti madzi atafika m'akakolo, a Juwawo akuitana kuti nthawi yatha. Atate anachita ngati sakumva. Pa una wina chitsulo chinalira kuti kho, ndipo anaikolowola yaikulu, yakuda, yaukali.

"Kumbuyo, bambo! Igwireni kumbuyo!" anakuwa Lusiya.

Koma munthu wozolowera ng'ombe amagwira kunyanga. Anaigwira kutsogolo. Inawapana chala chachikulu ichi, ndipo ine ndili poteropo ndinamva kulira kwa chikhadabo chikusweka. Wina aliyense akanaikutumula n'kuitaya. Iwo anangoluma mano, n'kuigwira ndi dzanja linalo, n'kuyenda nayo m'matope monsemo ili lende pachala, magazi akutsikira m'chigongono, mpaka pamaso pa a Juwawo.

"Bambo," anatero akupuma mwabefu, "pakamwa panga ndi pa atate anga, sindingapasinthe. Koma manja awa ndi anga. Kwathu nyanja kulibe, koma mitsinje iliko, ndipo nkhanu zilimo. Mwana wanu sadzadyera kuseri. Adzaphikira m'khitchini, ndipo wokagwira ndidzakhala ine."

A Juwawo anaswa chopaniracho ndi mpeni kuti chala chituluke. Anatsuka balalo ndi madzi amchere, n'kung'amba nsonga ya malaya awo kumangapo. Akumanga choncho, mapewa awo anayamba kugwedezeka, kenako kuseka kunaphulika. "Chigwirire nkhanu ine," anatero, "sindinaone munthu woipatsa chala dala kuti isathawe. Mtengeni mwanayo." Pobwerera ngalawa inkathamanga ndi mphepo yakumbuyo, ine ndikudya mpunga wozizira ndi manja onse awiri, atate atakhala tsonga, matope mpaka m'makutu, chipewa chili pamutu.

Chikhadabo chimenecho sichinamerenso bwino. Chinakhala chokhota mpaka imfa yawo, ndipo akamaloza nacho pa msonkhano wa mpingo anthu ankadziwa nkhani yake.

Titakwatirana, ambuya anu anakakhala ku Kasenengwa, ine ndikungoyendayenda ndi lole. Nyumba ino ya ku Navutika tinamanga pambuyo pake. Chaka choyamba kumudziko chinawavuta ambuya anu. Kuzizira kwa mwezi wa Juni sanakuzolowere, chinenero ankachiphotchola anthu n'kumaseka, ndipo masana ankakonda kuima pachulu kuyang'ana kum'mawa. Mvula yoyamba itagwa, mitsinje itadzadza, atate anatenga chidebe ndi kachitsulo kamene anakapinditsa kwa wokonza njinga, n'kutsetserekera kumtsinje. Tangoganizani: nkhalamba yaulemu wake, buluku m'mawondo, ikuvundukula miyala pakati pa tiana ta kubusa. Mudzi wonse unakaonerera. Anzawo ankati, "Akulu, mwayamba liti kudya akangaude?" Iwo ankati, "Ine sindidya. Ndikugwirira mwana wanga."

Anabwera nato tinkhanu tonga tanu tomweti, n'kutula chidebe pakhomo pa khitchini. Tsiku limenelo kamphika ka kuseri kwa nkhokwe kanalowa m'nyumba, ndipo amayi anati mkamwana wawo wawawombola ku ukapolo. Ambuya anu anaphika, atate n'kukhala chapatali, kumene mphepo sinkapititsako fungo, akuyang'anitsitsa mpaka mbale itayera. "Zakoma ngati za kwanu?" "Zakoma, atate." Ambuya anu anadzandiuza ine patapita zaka kuti tinkhanu ta mumtsinje n'tachigoba chokhachokha, tonunkha thope, tosayandikira n'komwe za kunyanja. Koma sanasiyepo ngakhale mwendo umodzi m'mbale.

Zinatero dzinja lililonse. Ambuya anu ali ndi pakati pa atate ako, Thandi, ankagwirirwa kawirikawiri mpaka anachita kupempha kuti apumeko. A Juwawo atamwalira, uthenga unatipeza mochedwa maliro ataikidwa kale. Atate anangotenga chidebe, ngakhale kuti sinali nyengo yake, n'kukasaka tsiku lonse mpaka anapeza ziwiri. Miyendo itayamba kuwakanika, atate ankapita ndi ndodo, n'kukhala pamwala, n'kumakolowola zomwe zili pafupi. Tinkawaletsa, koma kuletsa atate kunali kutaya malovu. Mpaka anatisiya, sanalawepo nkhanu kapena nsomba ngakhale kamodzi.

Mvula yoyamba atate atapita, ine ndinati ndilowe m'malo. Ndinapita kumtsinje, ndinagwira zodzadza chidebe, zazikulu kuposa zimene iwo ankabweretsa. Ambuya anu anasuzumiramo monga achitira leromu. Anakhala pansi pakhomo pa khitchini n'kulira kulira kumene sanalire ngakhale pamaliro. Atatha anati, "Filimoni, kabweze kumtsinje. Ine nkhanu ndinkadya za atate." Kuyambira tsiku limenelo sanaikenso nkhanu pakamwa. Ngakhale ulendo umene tinapita ku Beira kukaona abale, anatiikira zazikulu zofiira zija, iwo anadya mpunga ndi masamba.

Ndiye mwamva, ana inu. Mngoni uja anafa osalawa, ndipo mwana wa msodzi uja ndi amene anatenga mwambo wake. Tengani chidebe chanu mukaphike, mchere uli pawindo. Muphikire m'khitchini, osati kuseri. Ndipo iwe Dalitso, ukamaitulutsa uigwire kumbuyo. Taonani, ambuya anu aleka kusenda nshawa. Thandi, pita ukakhale nawo pafupi, usakawafunse kanthu.